Manja Khumi ndi Awiri a Munthu Mmodzi

4 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi funso, chifukwa ndikayamba ndi moni ukali undithera. Kodi lamulo loti simusula mpeni wa munthu amene simunagwire dzanja lake analiika ndani? Zaka zinayi ndawerenga mabuku a zamalonda kuyunivesite, sindinapeze tsamba ngakhale limodzi loti wogula aziyamba wapimidwa ngati wodwala. Pakhomo panu aliyense amangogwedeza mutu ngati lamulolo linagwa ndi mvula. Ine ndatopa kugwedeza.

Tsopano moni. Muli bwanji? Nanga mwendo wa amayi? Ndalemba kalata dala, chifukwa pafoni mumangoti "eee, eee" ndi makutu anu ogontha ndi nyundowo, mawa lake n'kukana kuti sitinagwirizane chilichonse. Pepala simungalikane.

Ntchito ija ya m'sitolo ya zida za alenje anandilemba mongoyesa, ndipo kuyesako kutha pa 30 Juni. Bambo, mukanaona mipeni ya muno! Imagona m'kabati yagalasi, pansalu yofiira, ngati maliro a munthu wolemera. Wotchipa kwambiri, wa chogwirira cha pulasitiki, mtengo wake ndi mbuzi yathunthu. Wa chitsulo chosachita dzimbiri ndi chogwirira cha nyanga ya gwape wakunja, njinga yatsopano. Ndiye pali wina wa chitsulo cha mizeremizere ngati madzi oyenda, amati anachipinda kambirimbiri posula. Umenewo ndi njinga yamoto, ndipo anthu amagula osatsokomola n'komwe. Inu wanu mumagulitsa pa mtengo wa nkhuku ziwiri, nkhuku zake zina zobwera zikuwodzera.

Lachiwiri kunabwera katundu womangidwa ndi chingwe chokhuthala. Mwini sitolo, amene timamutcha Bwana Tayi chifukwa amavala tayi ngakhale akunyamula makatoni, anatenga mpeni wa njinga yatsopano uja kuti adule. Mpeniwo unangochisisita chingwecho ngati ukuchipepesa. Ine ndinatulutsa kampeni kamene munandisulira pobwera kuno. Kamodzi kokha, phwa! Bwana Tayi anakatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti n'kochokera dziko liti. Ndinati n'kochokera pansi pa lole yakufa: chitsulo cha sipuling'i, choviikidwa mu oyilo, chogwirira cha nyanga ya ng'ombe, misomali yamkuwa, wosula wake bambo anga.

Mawu ake ndi awa: ndikabweretsa mipeni khumi ndi iwiri yofanana pofika pa 30 Juni, pamene alenje amayamba kugula zida za nyengo yosaka, andilemba ntchito yokhazikika ndipo ndiziyang'anira zogula zonse. Ndikalephera, akuti chitseko ndikuchidziwa.

Ndiye yatsani makala, Bambo. Khumi ndi iwiri, yofanana ngati mazira. Yankho mupatsire dalaivala wa basi amene wabweretsa kalatayi.

Mwana wanu,
Changu

11 Meyi

Iwe Changu,

Kalata yafika. Tili bwino. Mwendo wa amayi ako ulipo, sunapite kulikonse.

Wafunsa amene anaika lamulo. Linaikidwa ndi chala. Agogo ako ali mnyamata anagulitsa mpeni pamsika kwa munthu wodutsa. Patatha mwezi munthuyo anabwera kudzawaonetsa dzanja la zala zinayi. Sanakalipe, anangoonetsa basi. Kuyambira tsiku limenelo pachipala pano sipatuluka mpeni wopanda mwini.

Mlenje akamasenda nyama, dzanja limakhala lonyowa ndi magazi ndi mafuta. Chogwirira chikakula, mpeni umatembenuka m'manja. Chikachepa, dzanja limatsetserekera kukuthwa. Chitsulo ndimatha kusula nditatsinzina. Chovuta ndi dzanja, chifukwa Mulungu sanaumbe awiri ofanana. Mabuku akowo analembedwa ndi anthu amene nyama amakumana nayo ili kale m'mbale.

Za mipeni yogona pansalu yofiira, isiye igone. Chitsulo chosachita dzimbiri n'chabwino kwa munthu waulesi wopukuta, koma ukachinola chimakutukwana. Changa chimada, chimafuna mafuta, koma chimamvera mwala.

Nkhuku zowodzerazo ndi zimene zinakuphunzitsa mpaka wadziwa kunyoza bambo ako ndi cholembera.

Ndione manja a alenje akowo, ndisula. Popanda manja, ayi. Kampeni kako ukukapaka mafuta?

Bambo ako

15 Meyi

Bambo,

Moni nonse. Kampeni ndikukapaka, musadandaule.

Nkhani ya chala ndaimva, ndipo pepani kwa mwini chala. Koma alenje a kuno ndi madokotala, maloya, eni malole. Munthu wotere sangasiye ofesi n'kukwera basi tsiku lathunthu kuti adzakhale pachitsa chanu chija mukumufinya zala n'kumufunsa za agogo ake. Dziko linasintha, Bambo. Masiku ano munthu amagula galimoto asanaikhudze.

Ndiye tikumane pakati. M'envelopu muno muli mapepala khumi ndi awiri. Pa lililonse pali dzanja la mlenje, lojambulidwa mozungulira ndi cholembera, kukula kwake kwenikweni. Manja mwawaona. Lamulo la agogo silinathyoke, langopinda pang'ono ngati sipuling'i.

Ndamuuza kale Bwana Tayi kuti ntchito yayambika, moti wachotsa mabotolo amadzi pashelefu yapafupi ndi khomo kuti pakhale pathu. Ndalembanso kachikwangwani. Mtengo ndaika wa mbuzi ziwiri pa mpeni umodzi. Musakomoke.

Changu

1 Juni

Amayi,

Moni. Kodi kumeneko kwagwa chiyani? Milungu iwiri zii. Dalaivala ndikamudikira pasiteji amangonditambasulira manja opanda kanthu, mpaka anzake ayamba kunditcha mkazi wake wachiwiri. Bwana Tayi m'mawa uliwonse amaima pashelefu yopanda kanthu ija, kuipukuta ndi chala, n'kundiyang'ana. Sanena kanthu, koma tayi yake imalankhula.

Bambo afika pa mpeni wachingati? Ndiuzeni zoona. Mukapita kuchipalako ngati mukukawapatsa madzi, muwerenge ndi maso.

Changu

8 Juni

Mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti uli moyo, ngakhale moni wako ndi wa mawu amodzi ngati wa wapolisi. Ife tili bwino. Mwendo umandivuta kukazizira. Mbuzi yoyera ija yabereka awiri.

Tsopano khala pansi tikambe ngati akazi.

Mapepala ako atafika, bambo ako anawayala pabenchi, n'kuvala magalasi aja omangidwa ndi waya. Anayang'ana loyamba, lachiwiri, lachitatu. Kenako anawasanjikiza onse n'kuwaloza kudzuwa pazenera. Changu, mizere yonse inagwera pamodzi ngati ndi pepala limodzi! Manja onse khumi ndi awiri ali ndi kachala kakang'ono kopindikira kunja. Onse ali ndi kadontho kakuda pakona imodzimodzi. Bambo ako anati, "Mayi, bwera udzaone. Alenje a kutauni amabadwa kwa mayi mmodzi, ndipo onse anapanidwa ndi chitseko chimodzi." Anaseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwamenya pamsana.

Iwo anaseka, koma ine sindinaseke. Ndine mayi, ndimaona zimene abambo saona. Mtsikana sanyamula dzanja la mwamuna mmodzi kakhumi ndi kawiri popanda chifukwa. Ndaliyang'ana bwino dzanjalo. Ndi lalikulu, la munthu wogwira ntchito, osati tizala ta anyamata ako a kuyunivesite aja. Kachala kopindikako si vuto, bambo ako ali ndi zipsera thupi lonse koma ndakhala nawo zaka makumi atatu. Ndi wa kuti? Makolo ake alipo? Amapemphera? Ngati unachita manyazi kutiuza n'kuganiza zoyamba watitumizira dzanja, tamva. Koma mwana wanga, munthu amabwera yense. Azakhali ako ndawauza pang'ono chabe, ndipo iwo auza anthu ochepa.

Za kuchipala: bambo ako anapita okha kwa wogulitsa zitsulo zakale, n'kukhala tsiku lonse akugogoda masipuling'i ndi kumvetsera kulira kwake, ngati makutuwo amamva. Anabwera ndi imodzi. Nyanga anasankha yakuda ija ankaisunga pamwamba pa kabati, imene anakaniza ngakhale abusa. Makasu a anthu aunjikana pakhomo, eni ake akudandaula, iwo osatembenuka. Pepala limodzi alikhomera pakhoma ndipo amaliyang'ana ngati chithunzi cha m'bale. Ena khumi ndi limodzi aja ndikuyatsira moto, amayaka bwino.

Wati ndiwerenge. Kuwerenga kwake sikunandivute.

Amayi ako

12 Juni

Amayi!

Palibe mkamwini! Chonde pitani kwa azakhali lero lomwe mukazimitse motowo usanafike kutchalitchi.

Dzanjalo ndi la amlonda a pasitolo pathu. Ali ndi zaka zoposa za bambo, mano anayi, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi. Kale ankasaka, ndiye ndinaona kuti dzanja lawo likhoza kuimira alenje onse. Ndinawapatsa pepala ndi cholembera, anajambula okha ali pampando wawo, ine n'kukachulukitsa pamakina a fotokope mu ofesi. Kadontho kakudako ndi ka makinawo. Bwana Tayi akufuna mipeni yofanana, ndiye dzanja limodzi, mipeni khumi ndi iwiri. Kusukulu zimenezi timazitcha nzeru, ndipo ndinakhoza bwino phunziro lake.

Chabwino, ndinanama. Ndagwidwa. Auzeni bambo kuti ndapepesa, ndagwada, ndalira, chilichonse chimene chingawafewetse. Koma asule ina khumi ndi umodziyo. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Amayi, anzanga amene ndinamaliza nawo sukulu akugulitsa mayunitsi a foni m'misewu. Ntchito iyi ikandipulumuka sindidziwa kuti ina ndidzaiona liti.

Changu

24 Juni

Iwe Changu,

Moni. Phukusi ili ulitsegule utakhala pansi, ndipo usayese kuthwa kwake ndi chala ngati anthu opusa.

Muli mpeni umodzi. Munthu mmodzi mipeni khumi ndi iwiri achite nayo chiyani, amange mpanda? Ndiponso ukanafunsa ukanadziwa kuti mpeni wa mlenje umandidyera masiku asanu ndi anayi ukamvera, ukapanda kumvera milungu iwiri. Khumi ndi iwiri pa milungu isanu ndi iwiri sindikanatha ngakhale alenjewo akanabwera ndi manja awo m'dengu. Unalonjeza ndi msana wa munthu wina.

Pepala si dzanja. Silituluka thukuta, silifinya. Sindinasulepo kuchokera papepala chibadwire, ndipo agogo ako akanandilanda nyundo. Koma ndinaona kuti mwana wanga akumira, ndiponso dzanjalo ndinalikonda. Amayi ako akuti si mkamwini. Zachisoni, linali dzanja labwino.

Uwauze amlondawo izi. Chitsulo ndi cha sipuling'i ya lole yakale, osati zatsopano zonyengazi. Ndachiviika kawiri, ndachibweza pamoto wofatsa mpaka chinafiira ngati udzu wouma, kuti chisathyoke chikakumana ndi fupa. Chogwirira ndi nyanga yakuda, misomali itatu yamkuwa. Pa kachala kopindika ndasema kamphako kuti kazigona bwino. Chimake ndi chikopa cha ng'ombe, ndasoka ndekha.

Ndaona kuti ndi amanzere, pakuti dzanja la papepala ndi lamanzere. Anthu amanzere amavutika, palibe amawaganizira, amangozolowera zida za eni ake. Ndiye ndachita mosamala. Chogwirira ndachipendeketsa cha kumanzere, kunola ndanolera mbali yawo, chimake n'chomangira m'chiuno chakumanzere. Wamanja akaugwira aona ngati wavala nsapato mosemphanitsa.

Mpeniwu ndi wa mwini dzanja. Usaugoneke pansalu yofiira.

Za ntchito yako, pepa. Ndachita chimene ndimadziwa.

Bambo ako

1 Julayi

Bambo ndi Amayi,

Moni. Ndili bwino, ndadya, sindikulira, ndiye amayi musayambe.

Bambo, amlonda si amanzere.

Ganizani. Munthu mwamupatsa cholembera kuti ajambule dzanja lake. Cholemberacho agwira ndi dzanja liti? Lamanja. Ndiye papepala agoneka liti? Ine wa digiri sindinaganize. Inu wa zaka makumi anayi pachipala simunaganize. Mukanawaona akunyamula kapu ya tiyi mukanadziwa nthawi yomweyo, ndipo musandiyankhe, ndadziyankha kale ndekha. Tasula mpeni wabwino kuposa yonse m'tauni muno, wokwana dzanja limodzi lokha pa dziko lonse lapansi, dzanja limene ntchito yake ndi kugwira chipewa pokanda mutu.

Dzulo linali tsiku lomaliza. M'sitolo munali modzaza, alenje akugula nsapato, matochi ndi zingwe. Ndinaika phukusi pagalasi pamaso pa Bwana Tayi.

"Ina ili kuti?" anatero.

"Ikubwera m'mbuyo, bwana."

"M'mbuyo mwa chaka chiti?"

Anausolola m'chimake. Anthu onse anasuzumira, chifukwa Bambo, mpeniwo ndi wokongola, ndivomere. Koma Bwana Tayi ataugwira nkhope inakwinyika. Anausinthira uku, anausinthira uko, chogwirira chikumukana. Ndiye anakweza mawu kuti makasitomala amve. "Taonani zinthu zakumudzi. Chogwirira chokhota ngati mchira wa galu. Mtsikana iwe, bambo akowo posula anali atamwa zingati?"

Amayi, mukudziwa kuti bambo ndimawanyoza ndine. Ndi ntchito yanga, ndinabadwira imeneyo. Munthu wa tayi alibe chilolezo.

Ndinatsegula chitseko n'kukuwa, "Agogo, talowani!" Amlonda analowa akuvula chipewa, akuganiza kuti kwabedwa kanthu. Ndinati tambasulani dzanja. Anatambasula lamanja. Ndinati linalo. Nditawaika mpeni m'dzanjamo, zala zinangotsekeka zokha, kachala kopindika kaja n'kulowa m'kamphako kake ngati mbewa kuuna. Anaima akuyang'ana dzanja lawo ngati aliona koyamba.

"Mwanawe," anatero, "ameneyu wandidziwira kuti?"

Ndinawapatsa chingwe chokhuthala chija. Anakweza mpeni ndi dzanja lamanzere losazolowera, anthu anayamba kuseka, wina anabwerera m'mbuyo kuteteza mimba yake. Koma mpeni unangodutsa ngati chingwecho ndi nthochi. Ndinati tembenuzani dzanja, tambasulani zala pang'ono. Mpeni sunagwe, unakhala pomwepo. Kenako ndinatembenukira kwa Bwana Tayi. Apa ndiye ndikanatseka pakamwa, ndipo mwina akanandiwonjezera mwezi. Koma ndinamuuza kuti chogwirira sichinakhote, lakhota ndi dzanja lake losadziwa ntchito, ndiponso kuti mipeni yake ya m'galasi ndi yabwino podulira keke ndi podziyang'anira pometa ndevu.

Chitseko ndinachidziwadi. Sanachite kundilozera.

Amlonda ananditsatira panja, mpeni ali nawo m'manja, akufuna kubweza. Akuti alibe mbuzi ziwiri, ndiponso dzanjalo ndi lolakwika. Ndinati wosula wanena kuti ndi wa mwini dzanja, nkhani yatha. Anakhala pampando wawo, n'kutulutsa lalanje m'thumba, n'kuyamba kulisenda ndi manzere, lilime lili kunja ngati mwana wophunzira kulemba. Akuti pofika nyengo yamvula dzanjalo likhala litaphunzira, pakuti lakhala likudya zaulere zaka zambiri. Akupatsani moni, Bambo. Akuti nkhuku ziwiri atumiza, zosawodzera.

Ndili chiimire pakhonde ndi chikwama changa, ndikuganiza za lendi, anatuluka bambo wina wamtali amene ndinkamugulitsa zida kawirikawiri, dokotala wa mano. Anandionetsa chikhatho chake. Pali chipsera chachitali kuchokera pachala chachikulu, ntchito ya mpeni wa njinga yamoto uja, unamutembenukira akusenda nyama chaka chatha. Anafunsa kuti zingatheke bwanji kuti amupangire wake, ajambule dzanja papepala? Ndinati pepala ayi, pepala ndi la ana. Wosula ameneyu sasula mpeni wa munthu amene sanamugwire dzanja. Ngati mukufuna, mukwere galimoto mukamuone, mukakhale pachitsa, akakufinyeni zala, mudikire mwezi. Ndinayankhula mwaukali ndithu, poti zinali zitandikwana, ndimayesa achoka. Koma maso ake anawala ngati ndamuuza za mankhwala obisika. Anthu olemera ndi odabwitsa, ukawavutitsa amaona ngati wawalemekeza. Anaitana anzake awiri m'sitolomo, wina loya, wina sindikudziwa amachita chiyani koma mimba yake ndi ya munthu wochita bwino.

Musaganize kuti ndatembenuka mtima. Lamulo lanu likadali lochedwetsa, lokakamira, la anthu osafuna kulemera. Ntchito yanga yatha chifukwa cha ilo ndi pakamwa pangapa, theka ndi theka. Ndangoona kuti likhoza kugulitsidwa.

Ndiye mverani. Loweruka m'mawa tikubwera pagalimoto ya dokotalayo, manja atatu, eni ake ali pomwepo. Amayi, muwauze azakhali kuti mwa atatuwa mulibe mkamwini, asabwere atavala za kutchalitchi. Bambo, musese pachipala koma osasesa kwambiri, anthuwa akufuna kuona mwaye. Inu gwirani manja, funsani za agogo awo mmene mungafunire. Koma akafunsa mtengo, mukhale wogontha ngati pafoni. Woyankha ndine.

M'mawa uno ndabweza kiyi wa chipinda kwa mwini nyumba, ndagulitsa matiresi, ndipo ndapita kwa wogulitsa zitsulo zakale wa kuseri kwa siteji. Ndagula masipuling'i anayi a lole. Ndinawagogoda n'kumvetsera ngati mmene mumachitira. Sindinamve kalikonse, koma wogulitsayo anachita mantha n'kunditsitsira mtengo.

Mwana wanu,
Changu